Chifukwa Chake Amongol Adagwetsa Baghdad Koma Adalephera Kufika ku Cairo

Mu mzinda wakale wa Cairo muli chipata cha miyala chotchedwa Bab Zuwayla. Chilipobe mpaka lero, ndipo anthu amadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku popita kumsika. M'chaka cha 1260, pachipata chimenechi padapachikidwa mitu ya anthu. Eni mituyo adali amithenga amene adabwera ndi kalata yochokera kwa Hulagu, mdzukulu wa Genghis Khan, youza Sultani wa Egypt kuti agonje msanga, apo ayi zimene zidaonekera mizinda ina zimuonekera iyenso. Sultaniyo, dzina lake Qutuz, adaitanitsa akazembe ake a nkhondo, adakhala nawo pansi, kenaka adalamula kuti amithenga aja aphedwe.

Sikuti Qutuz adangopsa mtima. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwa Amongol, kupha mthenga udali mlandu wosakhululukika. Ankadziwanso kuti akazembe ake ena adali ndi mitima iwiri, ndipo ena ankaganiza kale zogonja. Mitu ija itangopachikidwa, khomo lokambirana lidatsekeka kwa aliyense. Wofuna ndi wosafuna yemwe, onse adayenera kumenya nkhondo.

Chimene chimandigwira mtima pankhaniyi ndi ichi: munthu amene adachita zimenezi adagulitsidwapo pamsika ngati kapolo ali mnyamata. Anzake ambiri amene adali nawo pamsonkhanowo chimodzimodzi. Ndipo chimene chidawafikitsa pamsikapo ndi nkhondo za Amongol omwewo.

Zidayambira pa amalonda

Mu 1206, mafuko oweta ziweto a ku Mongolia adavomereza Temujin kukhala mfumu yawo ndipo adamutcha Genghis Khan. Kumadzulo kwake kudali ufumu waukulu wa Chisilamu wotchedwa Khwarazm, umene unkalamulira madera amene lero ndi Uzbekistan, Turkmenistan, Iran ndi mbali ina ya Afghanistan. Mfumu yake idali Ala al-Din Muhammad. Mu 1218 Genghis Khan adatumiza mtengatenga wa amalonda pafupifupi 450, ambiri a iwo Asilamu, ndi ngamila zosenza katundu. Atafika mu mzinda wa m'malire wa Otrar, bwanamkubwa wa mzindawo, Inalchuq, adawanena kuti ndi akazitape, adawapha ndi kulanda katundu yense. Genghis Khan adatumiza amithenga atatu kukapempha kuti bwanamkubwayo aperekedwe m'manja mwake. Mmodzi adaphedwa, awiri adawameta ndevu n'kuwabweza. Kumeneko kudali kuputa mavu.

Mu 1219 nkhondo idafika. Muhammad adali ndi asilikali ochuluka, koma m'malo mowasonkhanitsa pamodzi adawamwaza m'mizinda yosiyanasiyana, chifukwa akazembe ake ambiri adali abale a mayi ake, Terken Khatun, ndipo iye sankawakhulupirira. Thandizo la Khalifa wa ku Baghdad, mtsogoleri wamkulu wa Asilamu, sakadaliyembekeza n'komwe, popeza mu 1217 iye yemweyo adatenga asilikali kuti akathire nkhondo Baghdad, ndipo chidamubweza ndi chisanu cha m'mapiri. Choncho mizinda idagwa umodziumodzi. Genghis Khan adadutsa m'chipululu cha Kyzylkum, kumene anthu ankati gulu la nkhondo silingadutseko, n'kutulukira kumbuyo kwa Bukhara kumayambiriro kwa 1220. Samarkand idatsatira. Mu 1221 Merv ndi Nishapur zidasanduka mabwinja. Muhammad adathawa mpaka adakafera pakachilumba ka m'nyanja ya Caspian.

Mphamvu ya Amongol idagona pa zinthu zimene ankachita tsiku ndi tsiku kwawo. Mwana ankakwera kavalo asadadziwe n'komwe kuyenda mtunda wautali wapansi. Uta wake udali waufupi, wopangidwa pomata mtengo, nyanga ndi mitsempha ya nyama, ndipo ngakhale udali waung'ono unkaponya muvi patali kwambiri munthu ali pa liwiro. Asilikali ankagawidwa m'magulu a anthu 10, 100, 1,000 ndi 10,000, ndipo gulu lalikululi ankalitcha tumen. Msilikali aliyense ankayenda ndi akavalo angapo, kawirikawiri asanu kapena kuzungulira pamenepo. Wina akatopa ankangodumphira pa wina. Njala ikamupweteka ankamwa mkaka wa kavalo wamkazi. Sankadikira ngolo za chakudya, n'chifukwa chake ankatulukira pamalo anthu akuganiza kuti akadali kutali.

Pankhondo ankakonda kunamizira kuthawa. Adani akawathamangitsa mosangalala, mizere yawo itasokonekera ndipo akavalo awo atatopa, Amongol ankatembenuka, ena n'kutulukira m'mbali, n'kuwazinga ngati nyama pa uzimba. Uzimba weniweniwo ndi umene udali sukulu yawo: chaka ndi chaka ankazungulira dera lalikulu, n'kumapanikiza nyama pang'onopang'ono mpaka zitasonkhana pakati, ndipo wolola nyama kupulumukira pamalo pake ankalangidwa. Pozinga mizinda ankagwiritsa ntchito amisiri amene adawagwira ku China ndi ku Persia. Ankasonkhanitsanso anthu a m'midzi yozungulira n'kuwaika patsogolo kuti akwirire ngalande ndi kukankha makina, kotero kuti woteteza linga ankayamba walasa m'bale wake asadalase mdani. Mzinda wogonja msanga nthawi zambiri unkasiyidwa. Wokana unkaphedwa mwadala, kuti mbiri yake ikatsegule zipata za mzinda wotsatira.

Komatu sadali osagonjetseka. Mu 1221, Jalal al-Din, mwana wa Muhammad uja, adawagonjetsa pa Parwan ku Afghanistan. Chigonjetso chisadazizire, akazembe ake adakangana pogawana zolanda, ndipo gulu lina lalikulu lidanyamuka usiku n'kumapita. Genghis Khan adamupeza m'mphepete mwa mtsinje wa Indus, ndipo Jalal al-Din adapulumuka pogwera m'madzi ali pa kavalo wake.

Baghdad

Kuchokera pamenepo padapita zaka zoposa 30 Baghdad isadakhudzidwe. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 1243 Aseljuk, Asilamu a Chituruki amene ankalamulira Anatolia (dera la Turkey wa lero), adagonjetsedwa pa Köse Dağ. Mu 1251 Möngke adakhala mfumu yaikulu ya Amongol ndipo adatuma mng'ono wake Hulagu kumadzulo. Hulagu sadathamange. Adatumiza anthu patsogolo kukakonza milatho ndi kuletsa aliyense kudyetsa ziweto m'madambo a m'njira yake, kuti msipu udikire akavalo ake. Adawoloka mtsinje wa Amu Darya kumayambiriro kwa 1256, ndipo chaka chomwecho malinga a m'mapiri a Asilamu a chigawo cha Nizari, kuphatikizapo Alamut, adagonja.

Baghdad idamangidwa mu 762 ndi Khalifa al-Mansur. Pofika nthawi imeneyi mphamvu ya Khalifa pandale idali itachepa kale, koma dzina lake linkatchulidwabe pa khutuba, ulaliki wa tsiku Lachisanu, m'mizikiti ya m'mayiko ambiri, ndipo masultani ankafunabe kalata yake yowavomereza. Khalifa wa nthawiyo, al-Musta'sim, adali wa nambala 37 m'banja la Abbas. Adalandira gulu la nkhondo lamphamvu ndithu kwa bambo ake, koma adalilekerera. Asilikali ankakhala osalipidwa mpaka ambiri adasiya ntchito. Madzi osefukira adali atawononga mbali zina za mzinda, ndipo Asuni ndi Ashia, zigawo ziwiri zikuluzikulu za Asilamu, adali atamenyana m'dera la Karkh. M'nyumba ya Khalifa momwemo, nduna yaikulu, Ibn al-Alqami, ndi mkulu wa asilikali sankamwerana madzi. Wina ankati titumize mphatso zambiri tigule mtendere, wina ankati timenye. Khalifa adachita zonse ziwiri mwatheka: adatumiza timphatso tochepa pamodzi ndi mawu oopseza.

Olemba mbiri ambiri a pambuyo pake adasenzetsa Ibn al-Alqami mlandu wonse, amati ndiye adaitana Amongol chifukwa adali Mshia. Ine ndimaona kuti kuloza chala munthu mmodzi kumapeputsa nkhani yolemera. Hulagu adanyamuka ku Mongolia ndi lamulo m'manja, sadafunike womuitana. Ndipo m'gulu lake la nkhondo mudali Akhristu a ku Georgia ndi Armenia, amisiri a ku China, komanso asilikali otumizidwa ndi mafumu achisilamu, monga Badr al-Din Lu'lu' wa ku Mosul.

Mu Januwale 1258 mkulu wa asilikali uja adatuluka ndi okwera pa akavalo kukachingamira Amongol kumadzulo kwa mtsinje wa Tigris. Tsiku loyamba adawabweza ndithu. Madzulo adamanga msasa pamalo otsika. Usiku Amongol adagumula makhwawa a ngalande zothirira minda, ndipo kutacha asilikali a Khalifa adapezeka ali ndi madzi kumbuyo, adani kutsogolo. Ambiri adamira m'matope. Kumapeto kwa mweziwo mzinda udali utazingidwa mbali zonse. Popeza dera la Baghdad lilibe miyala, Amongol ankaitenga kutali kumapiri, ndipo ikachepa ankadula mitengo ya kanjedza n'kumaponya zipika zake ndi makina. Ankaponyanso mivi yomangirira timakalata tolonjeza kuti oweruza, mashehe ndi onse osagwira zida sadzaphedwa. Nsanja ya Ajami, kum'mawa kwa linga, idagumuka. Pa 10 Febuluwale Khalifa adatuluka kukadzipereka, ndipo pa 13 kupha ndi kufunkha kudayamba. Kudatenga pafupifupi sabata yathunthu.

Hulagu mwiniwake, m'kalata imene adalembera Mfumu Louis IX ya ku France mu 1262, adati adapha anthu oposa 200,000. Olemba ena a pambuyo pake amatchula 800,000 ngakhale kuposerapo. Akhristu amene adabisala m'tchalitchi adasiyidwa, chifukwa mkazi wa Hulagu, Doquz Khatun, adali Mkhristu. Khalifa adamukulunga m'chikalapeti n'kumupondetsa mpaka kufa, popeza mwambo wa Amongol sunkalola kuti magazi a mfumu adonthere pansi. Ufumu wa banja la Abbas umene udayamba mu 750 udathera pamenepo, utakhala zaka 508. Msilamu aliyense amene amakhala pansi kumvetsera khutuba Lachisanu angathe kumva kulemera kwake: kwa zaka zitatu ndi theka, pamalo potchula dzina la Khalifa padalibe dzina loti litchulidwe.

Syria sidachedwe. Wolamulira wake, al-Nasir Yusuf, wa m'banja la Salah al-Din, adatumiza mwana wake ndi mphatso kwa Hulagu uku akupemphanso thandizo ku Egypt. Aleppo idagwa mu Januwale 1260 patangopita sabata imodzi. Asilikali a al-Nasir adabalalika asadaponye muvi, iye adathawira kummwera ndipo adagwidwa. Damascus idatsegula zipata mu Malichi. Kudatsala Egypt yokha.

Ana a pamsika

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1230, gulu lina la Amongol lidasesa zigwa za kumpoto kwa nyanja ya Black Sea, kwawo kwa Akipchak, anthu olankhula Chituruki amene ankakhala moyo wofanana ndendende ndi wa Amongol: mahema, ziweto, akavalo, mauta. Mabanja adabalalika, ndipo misika ya akapolo idadzaza ndi anyamata. Nthawi yomweyo Sultani wa Egypt, al-Salih Ayyub, adali atatopa ndi asilikali amene ankamuthawa pakavuta. Adagula anyamatawa ambirimbiri n'kuwaika pachilumba cha Rawda mumtsinje wa Nile. Asilikali ogulidwa chotere ankatchedwa Amamluk. Mawu akuti mamluk m'Chiarabu amatanthauza munthu amene ali ndi mwini wake.

Ife kuno tikamva za kapolo timakumbukira za Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga, anthu omangidwa magoli kupita kunyanja. Chiyambi cha ukapolo wa Amamluk chidali chowawa chimodzimodzi: mwana wolandidwa kwa amake, wopimidwa mano ndi maso pamsika, wosadzaonanso kwawo. Kusiyana kudali kumapeto kwake. Mnyamatayo ankaphunzitsidwa Chiarabu, Kurani ndi swala (mapemphero achisilamu), kenaka zaka zingapo za kukwera kavalo, kulasa, kugwira mkondo, lupanga ndi chibonga. Akamaliza ankamasulidwa, n'kupatsidwa kavalo ndi zida. Analibe malume, analibe mfumu ya kwawo. Abale ake adali anzake amene adaleredwa nawo limodzi, ndipo bambo ake adali mbuye amene adamugula.

Mmodzi wa iwo adali Baybars, Mkipchak wamtali. Olemba mbiri amati wina adamugula n'kumubweza chifukwa cha kachilema ka m'diso. Qutuz naye adagulitsidwa ku Damascus, ndipo iye ankati adali wa m'banja lachifumu la Khwarazm lija limene Genghis Khan adalifafaniza. Mu 1250 Amamluk amenewa adagonjetsa Louis IX pa Mansurah ku Egypt ndipo pambuyo pake adamugwira. Chaka chomwecho adapha mwana wa mbuye wawo n'kutenga ufumu. Zaka khumi zotsatira zidali za ziwembu zokhazokha. Mu 1254 Qutuz adapha Aqtay, mtsogoleri wa gulu la Baybars, ndipo Baybars adathawira ku Syria. Chakumapeto kwa 1259 Qutuz adachotsa pampando mnyamata amene adali Sultani, ponena kuti nthawi ngati imeneyo siifuna mwana. Mu 1260 Baybars adabwerera ku Cairo atalonjezedwa kuti sadzaphedwa. Anthu awiriwa sankakondana, koma madzi adali atafika m'khosi.

Nkhondo imafuna ndalama. Nkhani yokhometsa anthu msonkho itabwera pabwalo, shehe wamkulu Izz al-Din ibn Abd al-Salam adauza akazembewo maso ndi maso kuti sikololedwa kutenga kanthu kwa anthu wamba mpaka mosungira chuma cha boma mutatheratu, ndiponso mpaka iwo eni atagulitsa malamba awo agolide n'kutsala ndi kavalo ndi chida basi. Msonkho udakhomedwabe pambuyo pake, koma mawu amenewa amakumbukiridwa mpaka lero, ndipo akuyenera kutero.

Pamenepa mpamene zinthu zidatembenuka kutali ndi Egypt. Möngke adamwalira mu Ogasiti 1259 ali pankhondo ku China, ndipo azibale ake awiri, Kublai ndi Ariq Böke, adayamba kulimbirana mpando. Hulagu adabwerera chakum'mawa ndi asilikali ake ambiri n'kukakhala ku Azerbaijan. Ku Syria adasiyako kazembe wake wodalirika, Kitbuqa, amene adali Mkhristu wa fuko la Naiman, ndi asilikali pakati pa 10,000 ndi 20,000.

Qutuz adaona mpata. M'malo modikira adani pakhomo monga adachitira mafumu ena onse aja, adatuluka mu Cairo kumapeto kwa Julayi 1260. Atafika ku Salihiyya, m'mphepete mwa chipululu, akazembe ena adakana kupitirira. Iye adawakumbutsa kuti akhala akudya chuma cha boma zaka zonsezi, adati ngati sakufuna apita yekha, ndipo usiku adalamula kuti ng'oma zilire n'kunyamuka. Manyazi adawagwira, adamutsatira. Baybars, amene ankatsogolera gulu la patsogolo, adapirikitsa Amongol ochepa amene adali ku Gaza. Kenaka padachitika chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Akhristu a ku Ulaya amene ankalamulira mzinda wa Acre, adani a Amamluk, adawalola kudutsa m'dziko lawo, kumanga msasa pafupi ndi linga lawo ndi kugula chakudya. Iwonso ankaopa Amongol, makamaka popeza Kitbuqa adali atangofunkha mzinda wawo wa Sidon.

Pa kasupe wa Goliati

Magulu awiriwa adakumana Lachisanu pa 3 Sepitembala 1260, limene lidali tsiku la 25 la mwezi wa Ramadhani m'chaka cha Chisilamu cha 658. Malowo ali m'chigwa cha Jezreel, kummwera kwa Nazareth, m'tsinde mwa phiri la Gilboa, ndipo amatchedwa Ain Jalut, kutanthauza kasupe wa Goliati. Jalut ndi dzina la Goliati m'Kurani. Kitbuqa adasankha malowo chifukwa padali madzi ndi msipu.

Kukula kwa magulu awiriwa sikudasiyane kwenikweni. Chachilendo chidali chakuti Amongol adayang'anizana ndi anthu amene ankadziwa machenjera awo onse kuyambira ali ana, ndipo pamwamba pake adali ataphunzitsidwa zaka zambiri, atavala malaya achitsulo, atakwera akavalo akuluakulu. Mbiri yolembedwa ku Persia imati Amamluk adanamizira kuthawa n'kukokera Kitbuqa pamene anzawo adabisalira, ndiye kuti adamukola ndi msampha wa kwawo womwe. Mbiri zolembedwa ku Egypt ndi ku Syria zimatsindika china: Amongol adagunda mwamphamvu mpaka dzanja lamanzere la Amamluk lidasweka, anthu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Pamenepo Qutuz adavula chisoti chake chachitsulo n'kuchiponya pansi kuti aliyense aone nkhope yake, adafuula kuti "Wa Islamah!", kulirira Chisilamu monga munthu alirira mayi ake, ndipo adalowa pakati pa adani iye mwini. Othawa aja adatembenuka.

Nkhondo ili mkati, al-Ashraf Musa wa ku Homs, mfumu yachisilamu imene idabwera kumbali ya Amongol, adachoka ndi anthu ake n'kusiya mpata. Kitbuqa adakana kuthawa ndipo adaphedwa, mutu wake udatumizidwa ku Cairo. Ena adathawira m'bango, Amamluk n'kuliyatsa moto. Ena adathamangitsidwa mpaka ku Baysan. Pasadathe sabata Qutuz adalowa mu Damascus, ndipo Amongol onse otsala adawoloka Euphrates. Hulagu atamva, adapha al-Nasir Yusuf amene adali m'manja mwake.

Qutuz sadafikenso ku Cairo. Mu Okutobala, ali paulendo wobwerera, adapatuka kukasaka nyama pafupi ndi Salihiyya. Baybars, amene adapempha kuti apatsidwe Aleppo koma adamanidwa, adamutsatira ndi anzake ochepa. Mmodzi adamugwira dzanja ngati akufuna kulipsompsona, enawo adasolola malupanga. Mzinda umene udakongoletsedwa kuti ulandire Qutuz udalandira Baybars. Palibe njira yokometsera nkhani imeneyi, ndipo sindifuna kuikometsa. Munthu amene adaponya chisoti pansi uja adalamulira osakwana chaka.

Bwanji sadabwerenso ndi mphamvu zonse?

Apa mpamene pagona nkhani yeniyeni, chifukwa pa Ain Jalut padagonja kagulu chabe. Hulagu adali akadali ndi asilikali ochuluka. Parwan idatisonyeza kale kuti kupambana kwa tsiku limodzi kungathe kusungunuka ngati mchere.

Choyamba ndi udzu. Tiyeni tiwerengere limodzi: asilikali 60,000, aliyense ndi akavalo asanu, ndiye kuti akavalo 300,000, osawerengera nkhosa ndi ngamila. Onsewa sadya za m'thumba, amadya zimene apeza pansi, ndipo amafuna madzi tsiku lililonse. Amene adawetapo ng'ombe ku Chikwawa kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala akudziwa mmene dambo limasandukira fumbi ndi mmene ziweto zimaunjikirana pachitsime chimodzi. Chilimwe cha ku Syria n'chotero. Mitsinje imaphwa, msipu umapsa. Hulagu mwini, m'kalata ija yopita kwa Louis IX, adatchula kutha kwa msipu ngati chifukwa chimene adachokera ku Syria. Mukayang'ana nthawi zimene Amongol ankabwera ndi gulu lalikulu mupeza kuti ndi miyezi imene kumeneko kumazizira: Januwale 1260, Okutobala 1281, Disembala 1299. Kukangotentha ankayenera kubwerera. Akavalo ambiri aja, amene adawapatsa liwiro kuchokera ku China mpaka ku Hungary, ku Syria adasanduka mtolo. Baybars adalizindikira izi, ndipo ankatuma anthu kukatentha udzu m'madera a m'malire kumene adani ankadzera. Kavalo wa Mmamluk adali mmodzi kapena awiri, wodyetsedwa balere wonyamulidwa pa ngamila.

Kenaka banja la Genghis Khan lidang'ambika. Berke, msuweni wa Hulagu amene ankalamulira Amongol a kumpoto, m'zigwa za mtsinje wa Volga, adali atalowa Chisilamu, ndipo kuphedwa kwa Khalifa kudamuwawa. Padalinso mkangano wa malo: onse awiri ankafuna madambo obiriwira a ku Azerbaijan. Udzu womwewo. Mu 1262 adayambana, ndipo kumayambiriro kwa 1263 asilikali ambiri a Hulagu adamira mumtsinje wa Terek pamene madzi oundana adasweka pansi pa akavalo awo. Kuyambira pamenepo, wolamulira Amongol ku Iran aliyense akafuna kupita ku Syria ankayamba wacheuka kumbuyo. Hulagu adamwalira mu 1265 asadalipsire Kitbuqa.

Baybars adapalana ubwenzi ndi Berke, ndipo adapangananso ndi mfumu ya ku Constantinople, Michael VIII, kuti zombo zizidutsa pa Bosporus. Zombozo zinkanyamula anyamata ochokera m'dziko la Berke kupita ku Alexandria. Ndiye kuti Amongol a kumpoto ankagulitsa ana amene akakula adzamenyane ndi Amongol a ku Iran. Ngakhale Amongol enieni ankalowa m'gulu la Amamluk. Mnyamata wina amene adagwidwa pankhondo ya ku Homs mu Disembala 1260, dzina lake Kitbugha, lofanana ndi la kazembe uja, adadzakhala Sultani wa Egypt mu 1294.

Ntchito yaikulu ya Baybars m'zaka 17 za ulamuliro wake sidali yooneka ngati ya pa Ain Jalut, koma ndi imene idasunga dziko. Mu 1261 adapeza munthu wa m'banja la Abbas amene adapulumuka, n'kumuika kukhala Khalifa ku Cairo, dzina lidabwereranso pa khutuba. Adalimbitsa malinga a al-Bira ndi al-Rahba oyang'anira madooko a Euphrates. Adakhazikitsa mtokoma wa akavalo osinthana m'njira, kotero kuti kalata inkayenda kuchokera ku Damascus kufika ku Cairo m'masiku anayi. Padalinso nkhunda zonyamula timakalata, ndi nsanja zimene zinkapatsirana moto usiku ndi utsi masana. Adali ndi akazitape mpaka m'nyumba za adani. Chida chachikulu cha Amongol, kutulukira modzidzimutsa, chidathyoka. Mu 1277 Baybars adawatsatira ku Anatolia n'kuwagonjetsa pa Elbistan, ndipo mu 1281 Sultani Qalawun adabweza gulu lawo lalikulu pafupi ndi Homs, ngakhale kuti tsikulo zidatsala pang'ono kuipa.

Mu 1295 Ghazan, chidzukulu cha Hulagu, adalowa Chisilamu pamodzi ndi akazembe ake ambiri. Wina angaganize kuti nkhondo idathera pomwepo. Sidathe. Mu Disembala 1299 Ghazan adagonjetsa Amamluk pa Wadi al-Khaznadar ndipo adalanda Damascus. Shehe Ibn Taymiyya adali mmodzi wa akuluakulu a mzindawo amene adapita kumsasa wake kukapempha kuti anthu wamba asachitidwe nkhanza. Patangopita miyezi yochepa Amongol adachokanso, osatha kukhazikika.

Tsopano asilikali a ku Egypt ndi Syria adali ndi funso lowavuta mumtima: tingalase bwanji anthu amene akutchula shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu, ngati ife, amene ali ndi mashehe ndi oitanira swala mumsasa mwawo? Ibn Taymiyya adayankha kuti anthu amene akuthira nkhondo Asilamu anzawo, uku akuika malamulo a Genghis Khan pamwamba pa Shariya, malamulo a Chisilamu, ayenera kumenyedwa. Mafatwa akewo, kutanthauza zigamulo zake za chipembedzo, akadali kukanganitsa akatswiri mpaka lero, chifukwa magulu ena a masiku ano amawazula m'nthawi yake n'kuwagwiritsa ntchito polungamitsa kupha Asilamu anzawo. Mu Epulo 1303, mwezi wa Ramadhani, magulu awiriwa adakumana pa Marj al-Suffar, kummwera kwa Damascus. Shehe uja ankayenda pakati pa asilikali akudya poyera, kuti nawonso amasule swaumu, kusala kudya kwa mweziwo, apeze mphamvu. Amongol adapanikizidwa paphiri lopanda madzi usiku wonse. Kutacha Amamluk adawatsegulira njira dala, ndipo atathamangira kumtsinje ndi akavalo awo aludzu, adawagwera kumbuyo.

Adayesanso kamodzi, mu 1312, pamene Öljeitü, mng'ono wa Ghazan amene adalowa m'malo mwake, adazinga al-Rahba, koma adabwerera chakudya chitamuthera ndipo matenda atalowa mumsasa. Mu 1323 mwana wake Abu Sa'id adapangana mtendere ndi Sultani wa Egypt, al-Nasir Muhammad, patapita zaka 63 chipachikireni mitu ija pa Bab Zuwayla. Malire adatsala pamtsinje wa Euphrates, ndipo pakati pa zimene adagwirizana padali zoti amalonda aziyenda momasuka ndiponso kuti anthu ochokera ku Iraq azipita ku Hajj popanda wowatsekereza panjira.